Lachinayi la Woyendera

Ku Lugo mvula siyamba, imangopitiriza.
Ndatsika basi ya ku Sarria eyiti isanakwane,
ambulera ili m'khwapa,
poti zala zanga sizitsegula kanthu dzuwa lisanakwere.
Nyamakazi inandilanda singano ndili ndi zaka makumi anayi,
ine wosoka madiresi a ukwati.
Tsopano singano ndiyo imandisoka,
kamodzi pa masabata asanu ndi atatu.

Chipinda chathu chilibe mabedi.
Mipando isanu ndi umodzi yayang'ana kuzenera,
uliwonse ndi mtengo wake wachitsulo
pamene thumba la mankhwala limalendewera.
Timabwera m'mawa, timakagona kwathu.

Lero kwafika mlendo wa jekete yotuwa,
bambo Anselmo Reigosa, woyendera zipatala,
pepala lawo lodzaza timabokosi.
Atsegula firiji, awerenga madigiri, achonga.
Atambasula tepi pakati pa mpando wanga ndi wa Ceferino, achonga.
Afunsa Uxía, namwino wathu:
wodwala akabanika, mpweya uli pati,
athamange ndani,
dokotala afika patatha mphindi zingati?
Uxía wayankha osacheuka,
maso ali pa mkono wanga,
chala chikusaka mtsempha
umene umabisala ukamva kuzizira.

Pepalalo sindikulinyoza ayi.
Chaka chija, malamulowa asanabwere,
ndinauma pa benchi mpaka masana
fayilo yanga itasochera ku wodi ya mafupa.
Ceferino anatupa milomo thumba lili pakati,
anthu n'kumafunsana kuti kiyi wa kabati ali ndi ndani.
Kabati imeneyo masiku ano sakhoma.
Magazi anandiyeza sabata yatha,
zotsatira zandidikira patebulo.
Andifunsa za chifuwa, za kutentha thupi,
za kachilonda ka kuphazi,
dontho loyamba lisanagwe.

Donthi. Donthi.
Maola awiri alibe miyendo.
Ceferino akusimba za ng'ombe zimene anagulitsa
manja atakana kukama.
Mtsikana wa pampando wa kukona, wa msana wouma,
akuwerengera mayeso buku lili pamaondo.

Kenaka mlendo uja waima pa ine.
Mayi Casilda, pa khumi mungatipatse zingati?
Lembani apa.
Wandipatsa cholembera chake, chowonda, chonyezimira,
chaterereka ngati kansomba,
chagubuduzika mpaka pansi pa mpando.
Tonse tachiyang'ana.
M'chipinda muno palibe wodwala amene angawerame.

Uxía wapisa m'thumba la yunifolomu,
watulutsa chathu chija,
chokulungidwa bandeji mpaka kunenepa ngati karoti,
chakuda ndi thukuta la tonsefe.
Bambo Reigosa achitembenuza, ayang'ana pepala lawo,
atsika nalo ndi chala mpaka pansi.
Kabokosi kake palibe.

Ndiye ndalankhula, poti pakamwa sipanatupe.
Chitseko cha kuchimbudzi chili ndi chogwirira chobulungira.
Munthu wa manja ngati awa, chitsulo cha dripi akukoka,
amaima pamenepo ngati mwana
kudikira wodutsa amutsegulire.
Ceferino samwa madzi Lachinayi chifukwa cha chitseko chimenecho.
Ceferino wayang'ana kuzenera.

Mlendo wapita yekha kukachigwira.
Tamva chikulira kawiri.
Wabwerako, watembenuza pepala,
walemba kumbuyo kumene kulibe mizere,
walemba nthawi yaitali ndithu,
ndi cholembera chathu chonenepa.

Thumba laphwa. Kamakina kalira.
Uxía wazula singano, wapanikiza thonje,
walemba tsiku lobweranso ndi nambala yoimba usiku zikavuta,
kenaka, osafunsa, wandimanga mabatani a chikhoti,
kuyambira pansi, monga ndinkachitira akwatibwi.

Ndawapatsa zisanu ndi zitatu.
Ziwirizo ndazisiya pa chitseko chija,
ndidzaziona mu Janyuwale.
Panja ikadagwa.
Mlonda wa pageti wanditsegulira ambulera.