Lachiwiri, Kuseri kwa Jenereta

Lamulungu sapezeka, Ambuye, mukudziwa.
Belu likamalira ku tchalitchi kwathu ku Senga Bay
iwo amakhala atasenza mathireyi a mazira,
akufunsa mlendo ngati wagona bwino.
Ndiye tinati, poti iwo sangabwere, tipite ndife.
Abusa anaseka, komabe anatibwereka mabenchi awiri.

Tsono ndife pano, Lachiwiri usiku,
kuseri kwa loji, posanjikiza makireti opanda kanthu,
ine, Mayi Nachisale, ndi fulasiki ya tiyi wamandimu.
Tcherani khutu, Atate, makinawa ngaphokoso.

Ndiyambe ndi Tumpale wa ku Mbeya,
wophunzira uzamba, chaka chachitatu.
Manja odzalandira makanda
lero ayala mabedi khumi ndi anayi,
apinda mathaulo kuti aoneke ngati atsekwe.
Sopo wamusupula zala.
Akuti fizi wapeza theka.
Theka linalo, Inu ndinu mukudziwa komwe lagona.

Niyonkuru wa ku Gitega sachulutsa mawu.
Amatsegulira anthu mowa umene iye salawa
mpaka tambala woyamba.
Zilankhulo zinayi zili m'kamwa mwake
koma pa bala amamuitana ndi likhweru.
Sabata yatha tikuimba, iye analowa ndi Chirundi,
mawu ena, nyimbo yomweyo.
Mayi Nachisale anataya ndime
nayamba kufunafuna mpango m'chikwama.

Nanga Selestino wa ku Lichinga ndimutchule bwanji?
Tsiku loyamba anangobwera kudzatchaja foni,
poti soketi ili pakhoma pomwepa.
Anati, za Mulungu ndinazisiya pamanda a bambo anga.
Sitinamutsutse. Tinamuthirira tiyi.
Ino ndi sabata yachisanu.
Foni ija imadzaza msanga, ndimaiona,
koma mwiniwake sanyamuka.
Sindikupemphani zambiri pa iye.
Musazule soketiyo basi.

Ndiulule changa tsopano.
Ndinabwera ndi timapepala ta uthenga m'thumba,
ndikuwerenga mitu ngati wogulitsa tomato,
kuti ndikanene ku mvano: ndakolola atatu.
Koma usiku wina Tumpale anandifunsa,
amayi, inu mwana mulibe?
Ndinati alipo, ali ku Joni,
amatsuka magalimoto, miyezi isanu ndi iwiri foni zii.
Anandigwira dzanja ndi zala zosupuka zija
napemphera m'Chiswahili.
Sindinatolepo kanthu koma dzina lokha,
Fatsani, Fatsani,
likuyandama pamwamba pa mawu achilendo.
Kodi kumeneko, Ambuye,
alipo mayi wina wa fulasiki
amene amamufunsa ngati wadya?

Chaka chatsopano chikadutsa alendo adzatha.
Maambulera adzapindidwa, mipando idzagadabuzidwa,
ana awa adzapatsidwa maenivelopu.
Akhale okwanira, chonde.
Tambula imene inasweka pa Khirisimasi
anaigwetsa ndi mlendo woledzera, tonse tinaona,
asaidule pa malipiro a Niyonkuru.
Pa depoti ya Salima apeze mpando wa pawindo.
Wapachipata ku Songwe adzuke bwino tsiku limenelo,
chidindo chikhale ndi inki.
Mabuku akawalandire osawafunsa komwe anali.

Chaka chamawa kudzabwera ena,
maina ena oti lilime langa lipunthwe nawo.
Awa mwina sindidzawaonanso.
Nambala amandipatsa, inde,
koma ndikudziwa momwe nambala zimafera.

Tinali pakati pa pemphero lotsekera
pamene magetsi anabwera.
Jenereta inatsokomola kawiri, n'kuzima.
Tinapezeka tikukuwa Ameni
pabata loti ungamve nkhululu ikupuma,
mawu asanu, osati anayi.
Mlonda anatiunika ndi tochi,
nafunsa ngati tiyi watsalako.