Mlonda Wosagona

Zinayambira mu minibasi ya ku Mtendere,
pa mpando wachitatu, pafupi ndi zenera losatseguka.
Tinaima pa Kabulonga, magalimoto atathithikana.
Palibe anandigunda. Palibe anandibera.
Kondakitala ankangowerenga ndalama zake,
mayi wina ankasendera mwana nthochi.
Ine mtima unayamba kuthamanga wokha,
gu! gu! gu! ngati munthu womenya geti pakati pa usiku.
Manja anachita dzanzi, kukamwa kunauma gwa,
mpweya unakana kutsika, unathera pakhosi.
Ndinati: basi Zelipa, ufera pompano,
ndi ndalama za chilimba cha anthu m'chikwama.

Ndinatsika ndisanafike.
Ndinakhala pansi m'mbali mwa ngalande,
mnyamata wogulitsa masiwiti n'kundipatsa madzi
osafunsa kanthu.
Patapita mphindi khumi ndinali wamoyo ndithu,
nditatsala ndi manyazi, ndi bulauzi yonyowa thukuta.

Koma chimenecho ndi chimphepo, chimabwera n'kupita.
Pali chinzake chosachoka,
chodontha ngati mpopi wakutha wa kuseri kwa nyumba:
lendi ndalipira, nanga mwezi wa mawa;
Tiyezye wachedwa ku sukulu, nanga magalimoto a mu Alick Nkhata;
foni ikalira, ndi maliro;
ikapanda kulira, ndi maliro amene akundibisira.
Magetsi akazima ndimagona chagada
kuwerenga mavuto amene sanabadwe,
kuwapatsa mayina, kuwasokera ndi zovala zomwe.
Kukacha mapewa ali ngwii
ngati ndasenza thumba la makala kuchokera ku Soweto.

Azakhali anati pali dzanja la munthu, tipite kwa uje.
Abusa anati chikhulupiriro chachepa.
Bambo a Tiyezye anati, "Umaganiza kwambiri,"
ngati maganizo ndi wailesi, ungopotokola n'kuti zii.
Ku kiliniki anamvetsera mtima kawiri, magazi anatenga katatu:
zonse zili bwino, mayi.
Ndinabwerera ndi pepala lonena kuti ndili bwino,
pepalalo likunjenjemera m'manja.

Dzina la Chainama ndinkaliopa kuposa matenda.
Ndinapita nditafunda chitenje kumutu, ngati wozemba ngongole.
Sisita Njobvu anavula magalasi, anandimvera mpaka ndinamaliza.
Kenako anati:
"M'thupi mwa aliyense muli mlonda.
Ntchito yake n'kuimba wenzulo akaona mbala.
Wanuyu wakhala nthawi yaitali osagona.
Ndiye mphaka akadumpha mpanda, wenzulo.
Bango likagwera pa malata, wenzulo.
Si ufiti, si misala, ndipo simuli nokha.
Musamuchotse ntchito, ndi wanu.
Tingomuphunzitsa kusiyanitsa mphaka ndi munthu."

Ndinalira, koma osati ngati kale.
Chinthu chikakhala ndi dzina chimachepako msinkhu.

Tsopano Lachiwiri lililonse ndimakhala pa benchi ija.
Ndaphunzira kukoka mpweya pang'onopang'ono
n'kuutulutsa mochedwa, ngati woziziritsa phala la khanda.
Tiyi wachitatu ndinasiya.
Nkhawa ndinazipatsa nthawi yake, ikakwana faifi koloko;
zikabwera m'mawa ndimaziuza kuti ofesi sinatsegule.
Zina zimamva. Zina zimakhala pakhomo, mwano.

Dzulo chinabweranso, mu Cairo Road, dzuwa lili paliwombo.
Gu! gu! gu!
Ndinagwira chitsulo cha mpando, chinali chotentha.
Ndinaona nsapato yofiira, ambulera yothyoka,
mzimayi wonyamula mazira osaswa ngakhale limodzi.
Ndinati chamumtima: ndakumva, mlonda,
zikomo, koma ndi mphaka.
Sanakhulupirire msanga. Anaimbabe.
Thukuta linatsika, miyendo inalefuka,
kondakitala anafunsa ngati ndikutsika.

Ndinati ayi.
Ndinakafika ku Kulima Tower ndi mantha anga,
tonse awiri, pa mtengo wa munthu mmodzi.