Seveni Wam'mawa

Ku Tartu mu Febuluwale dzuwa limadzuka mochedwa.
Ife oweruza atatu tinafika ilo lisanatuluke,
majasi akudontha chipale,
khofi akuwotcha milomo,
mapepala ali mbee ngati bwalo la panjapo.

Dzulo lake ana anatola manambala
m'chipewa cha mlonda wa holo.
Kärt Lõhmus, wa zaka khumi ndi zinayi,
anapisa dzanja natulutsa wani.
Mayi ake anaseka, amvekere ndi mwayi umenewo.

Analowa zala zili psuu, naziuzira mpweya,
nakhala pa piyano yomwe nayonso inali isanadzuke.
Analiza.
Sindinama, pakhosi panga panaima kanthu.
Dzanja lamanzere linkanyang'ama
ngati munthu woopa kudzutsa khanda,
lamanja likufunsa mafunso osadikira yankho.
Atamaliza ndinatola pensulo,
pensuloyo n'kundinong'oneza:
kukubwera ena makumi awiri ndi atatu,
ukapereka naini panopa,
womposa uyu udzamuika pati?
Siya malo pamwamba.

Ndinalemba seveni.
Taavi kumanja kwanga anasuzumira ngati sakusuzumira,
nalemba seveni ndi theka.

Basi, chikhomo chinakhomedwa.
Tsiku lonse tinadya msipu mozungulira pamenepo
ngati mbuzi za chingwe chachifupi.
Wachiwiri: pansi pang'ono pa mtsikana uja. Sikisi.
Wachisanu anaphonya malo atatu, ndinawawerenga,
koma anabwera pambuyo pa kamnyamata
kamene kanaiwala nyimbo pakati n'kutuluka kakulira,
choncho anawala ngati nyali m'chipinda cha mdima.
Eyiti.
Cha m'ma thwelofu mimba zinkaweruza m'malo mwathu,
ndipo ana anayi analipira njala yomwe sanaiyambitse.
Titamwa supu wa kabichi ndi buledi wakuda
tinabwerako anthu achifundo.

Pofika madzulo sindinkakumbukanso kalizidwe ka Kärt.
Ndinkakumbuka seveni.
Nambala inameza nyimbo n'kutsala yokha papepala,
itaima ndi mwendo umodzi,
ndipo aliyense wolowa ndinkamuyeza pa msinkhu wake.

Womaliza anali Joosep Rebane, wa mapewa otambalala.
Holo tsopano inali itadzaza,
makolo oweruka kuntchito, fungo la ubweya wonyowa,
piyano itatenthedwa ndi zala za tsiku lonse.
Anaigunda mpaka magalasi kunjenjemera.
Analiza bwino, zimenezo musandichotsere.
M'manja munaombedwa ngati matalala pa malata,
ndipo kumbuyo kwake kunalibe wina
woti ndimusungire malo.
Naini ndi theka, dzanja linalemba lisanandifunse.

Chikho chinapita kwa Joosep.
Kärt anakhala wachisanu ndi chitatu,
nalandira pepala lomuthokoza kuti anabwera.
Ndinasainapo ndekha, ndi cholembera chabwino.
Anandigwira chanza, zala zili zofunda tsopano,
nati zikomo, akuyang'ana nsapato zanga.

M'basi ya usiku, powoloka Emajõgi wouma gwaa,
ndinapeza zala zanga zikuyenda pa bondo
pang'onopang'ono,
ngati munthu woopa kudzutsa khanda.
Sinali nyimbo ya Joosep.
Inandiperekeza mpaka pakhomo,
inadikira ndikufunafuna makiyi m'thumba,
inalowa nane.

Akandifunsa ndidzati ndinaweruza ndi makutu anga,
ndipo sindidzakhala ndikunama kwenikweni.
Zaka makumi awiri ndakhala pa tebulo limenelo,
palibe anandipatsapo kangachepe,
palibe mwana wa mnzanga amene ndinamukweza.
Koma chipewa cha mlonda chija,
chamafuta m'mphepete, chosadziwa nyimbo ngakhale imodzi,
chinali chitaweruza kale ife tisanakhale pansi.
Chili pa msomali kuseri kwa chitseko cha holo.
Chaka chamawa adzachitsitsanso,
mwana wina adzapisa dzanja,
mayi ake adzaseka.