Mailo

Basi ya ku Chadiza inandilavula pa Intasite
dzuwa litapendeka,
ukwa pamutu, kalata ya yunivesite pachifuwa.
Ndinafunsa mnyamata woitanira minibasi:
“Pepani akulu, kodi galimoto yopita ku sukulu ya ukachenjede
ndikakwerera poti?”
Anaseka mpaka kutsamira chitseko.
“Ba sisita, mukamba monga Baibo! Kwelani apa.”

Ndinkayesa chinenero chathu n’chimodzi.
Kuno “ndifuna” adamugulula dzino, adasanduka “nifuna”,
“tsopano” adasamuka osatsazika,
m’nyumba mwake mukugona “manje”.

Ku ofesi yolembetsa ndinagwada,
kulandira pepala ndi manja awiri.
Mzere wonse kumbuyo kwanga unatsamwa ndi phwete.
Mayi wa pawindo sanafunse kuti ndine mwana wa yani.
Anafuna nambala.
Ndinamupatsa, ndikusasa fumbi m’mawondo.

Chipinda cha anthu awiri tikugonamo anayi:
Inonge wa ku Mongu, Mwaba wa ku Kitwe, Luyando wa ku Monze, ndi ine.
Timagawana poto, sopo ndi soketi imodzi yothothoka.
Nthabwala zokha sizigawika.
Ikafika kwa ine imakhala itazizira,
ndimaseka ndekha, mochedwa,
ngati tambala wolira anthu ali kale kumunda.

Chizungu ndidakhoza bwino, satifiketi ilipo.
Koma cha m’kope chinali chofatsa,
chinkadikira ndichiloze ndi chala.
Cha Dokotala Simukonda sichiima pa siteji.
Lachitatu anandiloza pakati pa mitu mazana atatu.
Dzina?
“Tikambenji.”
Anati ndikweze mawu, ndimuyang’ane m’maso.
Kwathu woyang’ana wamkulu m’maso ndi mwana wosalangidwa.
Yankho ndinali nalo, lakupsa, m’Chichewa.
Pamene ndinkaliwolotsa mtsinje, liwu ndi liwu pamutu,
anali ataloza kale wina.

Usiku womwewo Mwaba anati, “Testi ni mailo.”
Ndinafunsa kuti mailo ndi liti.
Luyando anati ndi mawa.
Mwaba anati kwawo ndi mawa, komanso ndi dzulo,
umangomvera mmene mawu ena akhalira.
Ndinagona chagada, maso ali gwa kudenga:
mzinda wanji uwu
woti dzulo ndi mawa amavala malaya amodzi?
Mayeso ndaphonya kale, kapena akubwera?

Loweruka ndinakhala pa maiwe a Goma,
kutafuna chinangwa chootcha cha ku Kalingalinga.
Bambo wina wotchetcha udzu analalatira chikwakwa chake:
“Chabunthanso ichi, ha, zandikwana!”
Chinangwa chinandigwa m’manja.
Ndinamulonjera monga tilonjerera kwathu, mosathamanga,
mpaka ana, mpaka mvula.
Anavula chipewa.
“Mfunda wanu ndani, mayi?”
“Ndine Nambewe.”
“Zikomo Nambewe. Ine wa ku Katete, zaka makumi awiri kuno.
Lilime lilibe fupa, lidzapindika lokha.
Koma lakwanulo musalisiye padzuwa.”

Mwezi wachitatu uno.
Ndikudziwa kuyankha Inonge akati “Mu zuhile cwani”,
Mwaba amabwereka mawu anga okalipira soketi.
M’kalasi ndakwezapo dzanja kamodzi,
mawu ananjenjemera, koma anawoloka.
Kumbuyo kwa kope ndimalemba mawu awiriawiri,
latsopano kumanzere, lakwathu kumanja,
ngati ng’ombe ziwiri zosazolowerana pa goli limodzi.

Madzulo ano amayi anaimba pa foni ya aphunzitsi.
Anafunsa za ndalama, za chifuwa changa, ngati ndikupemphera.
Ndinati, “Nili che bwino, manje nifuna kuyenda ku laibulale.”
Foni inati zii.
Ndinamva mbuzi patali, ndi mpweya wawo.
“Ndani ameneyo?” anatero. “Ndipatseni mwana wanga.”
Ndinameza malovu.
“Ndine ndemwe, amayi. Ndine Tikambenji.”
“Nanga ubwera liti?”

Liwu linafika pamilomo, ndinaligwira ndi mano.