Magazi Anga Akukaothera Dzuwa

Kuno ku Umeå, mwezi wa Disembala,
dzuwa limangosuzumira ngati munthu wangongole,
tisanalipatse mpando labwerera kale.
Koma Lachiwiri ndi Lachitatu
magazi anga amakaothera dzuwa lawolawo
m'kabokosi, pansanjika yachitatu ya chipatala.

Namwino Maj-Lis afufuza mtsempha ndi chala chozizira.
"Gunvor, lero usaumitse mkono."
Singano iyi yotulutsa, iyo yobweza.
Makina ayamba kung'ung'udza, kupeta magazi anga:
ofiira abwerera msanga, alibe mlandu,
oyera atsalira m'thumba.

Oyerawo si anga.
Ndi a Sixten, mlongo wanga,
amene tinakhala zaka zisanu ndi zinayi osapatsana moni
chifukwa cha nyumba ya malemu bambo ku Vännäs.
Khansa itandidya magazi anabwera osaitanidwa,
nagona chafufumimba, madokotala namuboola m'chiuno
kutapa mafuta a m'mafupa.
Sananene kanthu. Inenso duu.
Chibale ndi fupa, sichiola, n'zoona,
koma palibe anandiuza kuti fupalo limaluma.

Asilikali ake atafika m'thupi mwanga
anapha khansa, pamenepo ndiwayamike.
Kenako anamwazamwaza maso, osazindikira malo:
khungu ili n'la yani? chiwindi ichi n'cha yani?
Anandiyesa mdani m'nyumba mwanga momwe.
Khungu linauma gwa, ngati nsapato yoiwalika panja,
zala zinakana batani la jasi,
m'kamwa zilonda, khofi n'kusanduka makala amoto,
maso anaphwa, moti pamaliro a mayi
ndinkalira misozi yogula m'kabotolo.

Maj-Lis athira mankhwala m'thumba muja.
Akuti kholo lake ndi kachitsamba ka maluwa oyera,
mankhwala ogona tulo mumdima,
odzuka pokhapokha kuwala kukawakhudza.
Kenako nyali iyaka, kuwala kumene diso silikutha kuona,
ndipo mankhwala aja amanga mfundo
pa ulusi wa moyo m'kati mwa selo lililonse.

Ochepa okha, mwina mmodzi pa khumi,
ndiwo alandira kuwalako.
Abwerera mwa ine ali moyo
koma tsiku lawo litalembedwa kale.
Safa mokuwa.
Amadzipinda bwinobwino ngati zovala za paulendo,
n'kuzima.

Ndinafunsa dokotala Hjalmarsson:
ochepa chonchi angathetse bwanji nkhondo yonseyi?
Anajambula timipira kuseri kwa envelopu.
Alipo maselo otola mitembo, anatero.
Akatola wofa mwamtendere, osati wokhadzulidwa,
amakauza anzawo kuti kuno kulibe moto.
Oleretsa ndewu amayamba kuchuluka,
mfuu ya nkhondo n'kumatsika.
Asilikali salandidwa zida,
chimfine chikabwera adzamenyabe.
Anaika cholembera pansi.
"Zinazo sitinazimvetse bwino mpaka lero."
Ndinamukhulupirira chifukwa cha mawu amenewo.

Ndikatuluka ndimavala magalasi akuda tsiku lathunthu
mumzinda wopanda dzuwa.
Ana pasiteji ya basi amagwedezana zigongono.
Sixten amadikira m'galimoto, injini ili chilirire,
wailesi ikulosera chipale china usiku.
Timayenda makilomita makumi atatu
tikumvetsera matayala.

Palibe chinasintha sabata yoyamba,
kapena yachisanu, kapena yachisanu ndi chitatu.
Ndinatsala pang'ono kusiya.

Sabata ya khumi ndi chinayi
ndinamanga ndekha batani lapakhosi.
Anaona. Anatsokomola.
Titafika pamlatho anati,
denga la nyumba ija likudontha,
ukapezako bwino tikalione.

Sindinayankhe.
Kuseri kwa magalasi diso lamanzere linanyowa,
pang'ono chabe, kadontho kosakwana kugwa,
ndipo mpaka pano sindidziwa
ngati msoziwo unali wanga kapena wake.