Kakadi ka m'Jekete

Belo la kaunjika lomwe mayi anatsegula pa Bangula
linatulutsa jekete laubweya, lolemera ngati mbuzi yonyowa.
Angagule ndani zotere mu Okutobala,
mwezi umene ngakhale buluzi amathawa mchenga?
Linakhala pachingwe milungu isanu likumeza fumbi la malole
mpaka anandiponyera, amvekere, kayale pa keliyala ya kabaza wako,
matako a anthu apumeko.

Ndikuling'amba, kanthu kanagwa kuchokera mumsoko:
kakadi ka memore, kochepa ngati chikhadabo cha khanda.

Zuze wotchaja mafoni anakapukutira pamalaya
akuseka kuti mwina muli zithunzi zolaula.
Munali nyimbo makumi anayi ndi zitatu,
mayina ake zilembo zokana kukhala palilime.
Aphunzitsi a Fole anakweza magalasi, nayang'anitsitsa:
izi n'za ku Ayalandi, chilumba cha mvula,
ndipo ichi si Chingerezi ayi.
Nzeru zawo zinathera pomwepo.

Ndisaname, zina ndinazidumpha.
Amuna okuwa pamodzi ngati alawa kachasu wa mutu,
wina wolira motalika mpaka batire kutsika.
Koma yachisanu ndi chiwiri ija.

Inayamba ndi chitoliro chokha, chowonda,
ngati munthu woitana bwato pa Mtayamoyo dzuwa litalowa
akudziwa bwino kuti wopalasa wapita kale kwawo.
Kenako kunalowa chokwecha ndi uta, m'bale wa kaligo
koma cha nsambo zingapo, chothamanga,
chikuzungulira mawu amodzimodzi, kuchoka, kubwerera,
monga mayi wofunafuna pomwe panali khomo lake
madzi ataphwa.
Pansi pake kang'oma, di di didi,
ziboda za ng'ombe padothi long'aluka.

Ndinaima pansi pa mtengo wa masau, thukuta likulowa m'maso.
Makasitomala awiri anakwera kwa mnzanga ndikuona.

Madzulo ndinapita nako kwa malume Alufazema,
amene ulimba wawo unapita ndi Ruo chaka chija,
zikasi zonse zikuyandama ngati abakha,
ndipo chiyambire sanagwirenso mithimbo.
Hedifoni yanga imalira khutu limodzi.
Ndinawapatsa lomwelo.

Anatseka maso. Udzudzu unatera pamkono, sanauphe.
Bwezera, anatero. Ndinabwezera.
Kachitatu zala zawo zinayamba kuyenda pabondo,
dzanja lamanzere likulowa m'mipata yomwe mzunguyo wasiya.
Uyu, anatero, kwawo kunapitapo njala.
Mwadziwa bwanji, malume?
Sukumva? Akuvina, koma mwendo umodzi uli kumanda.
Ifenso titakhuta nyika za m'dambo tinkaimba chonchi,
mofulumira, kuti mimba isamve.

Ndinafuna kuwatsutsa, poti aphunzitsi sananene zimenezo.
Ndinangokhala chete, batire n'kuzima.

Tsopano m'foni ndasungamo zisanu ndi zinayi zokha.
Ndimaziika pa kasipika komanga ndi mphira pahandulo,
kuchoka pamsika mpaka ku Phokera,
ndipo wokwera aliyense amafunsa chimodzimodzi:
kodi zimenezi n'za ukwati kapena za maliro?
Mayi wina wonyamula mlamba wouma anati nditsitse,
wina anawonjezera handiredi kuti ndisaime isanathe.

Mwini jekete sindimudziwa.
Mwina analisaka kakadiko m'matumba onse, natukwana.
Mwina anamwalira, ana ake n'kulongedza zovala osapisamo dzanja.
Ubweya wake lero ukupsa ndi dzuwa la kuno,
wathothoka pakati pomwe anthu amakhalira.

Dzulo malume anandiimitsa pamsewu.
Sanatchule nyimbo.
Anangoti ukamapita cha ku Ngabu
undiyang'anire zikasi, zazikulu zitatu, zazing'ono zambiri,
ndipo akangaude a kuseri kwa chitseko chako
usawasese.