Mphete Imodzi pa Sabata

Darlene wa ku positi anaimba foni kusanache:
“Wendell, bwera udzatenge katoni yako,
yatiboola makutu.”
Anapiye makumi asanu, oswedwa dzana,
ayenda usiku wonse m’lole kuchokera ku Saskatoon,
kunja Malichi akadali gwa,
chipale chili mbuu mpaka m’mawondo a mpanda.

Ndinawatsitsira pa utuchi mmodzimmodzi,
aliyense ndikuyamba ndamuviika kamlomo m’madzi
kuti adziwe poyambira.
Awiri anafika atauma kale.
Ndinawaika m’thumba la jekete,
chifukwa chake musandifunse.

Kenaka nyale.
Babu lofiira psuu, kukula ngati chibakera,
lolendewera pa tcheni pakati pa shedi,
thadzi lopanda mapiko,
losadziwa kuitana, losadziwa kupalasa,
loyamwa magetsi n’kumangochucha kutentha.
Koma iwo analithamangira,
sanafunse kuti mayi uyu bwanji alibe nkhope.

Chaka chatha khola la kwa Hrycan linapsa ndi nyale yotereyi.
Mbedza inapulumuka, babu n’kugwera pa udzu wouma,
ozimitsa moto pofika anapeza malata atapindika
ndi fungo la nthenga.
Ndiye yangayi ndaimanga kawiri ndi waya,
ndipo ndimagona pa mpando, nsapato zili kuphazi,
kulondera chinthu chimene chikulondera iwo.

Choyezera kutentha chinasweka kalekale.
Lorraine asanamwalire ankati:
usayang’ane manambala, yang’ana anapiyewo.
Akaunjikana pansi pa babu, kupondana, kulira mobaya,
nyale yatalika.
Akathawira m’makona, kukamwa yasa, timapiko tambasu,
wayandikiza kwambiri.
Ukapeza agona mozungulira ngati mkanda,
pakati atasiya bwalo lofiira lopanda kanthu,
usakhudze chilichonse. Kamwe khofi wako.

Ndipo sabata iliyonse, ankatero,
kweza tcheni ndi mphete imodzi.
Imodzi yokha.
Nthenga sizimera pamene palibe kachisanu.

Zimenezi ndinkazidziwa pa nkhuku.

Corinne anachoka mu Januwale,
sutikesi imodzi ndi chikhoti cha amayi ake.
Ine amene ndinkamudikira pa windo usiku,
kumufunsa wapita kuti, ndi ndani, ubwera nthawi yanji,
kumutenthetsera galimoto asanapemphe,
kumuthirira supu asanamve njala,
sindinaone kuti mwana wafika pa kona
ndipo akupuma wefuwefu.
Pa khomo anangoti, “Bambo, m’nyumba muno mulibe mpweya.”
Ine n’kumayang’ana mawindo.

Usiku wachitatu magetsi anathima.
Mphepo inagwetsa nthambo kwinakwake cha ku Wakaw.
Mdima bii, ndi kulira kuja kolowa m’mano.
Ndinawakokolera m’katoni momwe anabwereramo,
mabotolo a madzi otentha okulunga m’masokosi,
n’kukhala nawo m’galimoto injini ikulira mpaka kucha.
Mmodzi anatsamwa pansi pa anzake.
Si chisanu chinamupha, ndi kukumbatirana.

Tsopano ndi sabata yachisanu.
Asanduka tizinthu tosaoneka bwino,
makosi aatali, nthenga zotuluka ngati zisonga,
akudumphira pa chidebe, akujomphana popanda mlandu.
Tcheni yatsala mphete ziwiri.
Dzulo ndinazimitsa nyale masana onse,
palibe anatukula mutu.

Foni ndaisiya pa alumali masiku khumi ndi limodzi.
Dzanja limapita lokha, ndimalibweza,
ndimalipatsa chidebe cha chakudya kuti linyamule.

Lamulungu madzulo inalira.
Kumbuyo kwake kumamveka basi ya mumzinda wa Regina.
“Atsala angati?”
Makumi anayi ndi asanu ndi awiri, ndinatero.
“Mukugonabe pa mpando?”
Ndinanama.
Anaseka, kaseke ka amayi ake kotulukira m’mphuno,
nati mwina abwera pa Isitala, mwina.

Sindinafunse tsiku.
Ndinavala jekete, ndinapita ku shedi,
chipale chikusungunuka pa denga, tho, tho,
ndinakwera pa kreti
n’kukweza nyale mphete ina.